Nyumba zosungirako okalamba m'chigawo cha Tete: mafunso ndi mayankho pa za chisamaliro, ogwira ntchito ndi ufulu wa agogo

Kuno kwathu ku Mozambique nkhalamba zambiri zimakalambira pakhomo, m'manja mwa ana ndi adzukulu. Koma ana akabalalika, wina ku migodi ya ku Moatize, wina ku Beira, wina ku Joni, kapena agogo akafa ziwalo moti sangathenso kudzuka okha, nkhani yowapezera malo imayamba kukambidwa. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene mabanja amafunsa kawirikawiri akafika pamenepo.

Kodi nyumba zoterezi amalowamo ndani?

Pali mitundu iwiri. Boma, kudzera ku bungwe lake lothandiza anthu ovutika la Instituto Nacional de Acção Social, INAS, lili ndi malo otchedwa Centro de Apoio à Velhice. Amenewa si a aliyense wofuna: amayamba kulandira nkhalamba zimene zilibe wozisamala, zotayidwa kapena zothamangitsidwa kwawo. Ndiye pali nyumba za mipingo, za mabungwe ndi za anthu wamba, zomwe ambiri amangoti lar, zina zaulere, zina zolipira pamwezi.

Njira yolowera ku malo a boma imayambira ku ofesi ya Acção Social ya ku SDSMAS, nthambi yoona za umoyo, amayi ndi chisamaliro cha anthu m'boma limene mumakhala, kaya ndi ku Ulónguè, ku Furancungo kapena ku Fingoè. Pitani ndi BI ya agogo (chiphaso cha unzika), khadi lawo la kuchipatala ndi kalata ya mfumu kapena ya mlembi wa bairro yofotokoza mmene akukhalira. A Acção Social amabwera kudzaona okha pakhomo, ndipo nthawi zambiri amayamba afufuza ngati pali wachibale amene angawatenge. Ngati nyumbayo si ya boma, funsani kuti akuonetseni chikalata chowaloleza kugwira ntchitoyo, kenako mukafunse ku Acção Social ngati akuidziwa. Mwini wake akayamba kuzungulira pa funso limeneli, tengani chikwama chanu muzipita.

Tikapita kukaona malo, tiyang'ane chiyani?

Penti ndi maluwa a pabwalo zisakunyengeni. Pitani kawiri, ndipo ulendo wachiwiri musanene kuti mukubwera. Nthawi yabwino ndi ya nkhomaliro kapena chakumadzulo dzuwa likupendeka, pamene antchito a masana atopa.

Mphuno ndiyo imayamba kunena zoona. Fungo la mkodzo m'chipinda chimodzi m'mawa si chachilendo, koma likakhala lokhazikika m'nyumba monse ndiye kuti anthu amagonera zonyowa nthawi yaitali. Yang'anani zikhadabo za okhalamo, milomo ngati ili youma, ndi pakati pa zala ngati pali mphere. Mphere zikalowa m'nyumba ya anthu ambiri sizitha ndi kupaka munthu mmodzi mankhwala. Onse, ngakhale antchito, amapakidwa tsiku limodzi, zofunda n'kuchapidwa. Onani ngati bedi lililonse lili ndi neti yosang'ambika. Lowani m'chimbudzi: chikhale chokhalira, chokhala ndi pogwira kukhoma, ndipo njira yopitako ikhale yowala usiku, chifukwa agogo ambiri amagwa akuthamangira kukataya madzi mumdima. Nkhalamba ikathyoka fupa la m'chiuno, kawirikawiri siyendanso ngati kale.

Mverani mmene antchito akuitanira anthu. Amene akuti "agogo, tiyeni mudye" ndi amene akukuwa kuti "iwe, tsegula pakamwa" sagwira ntchito mofanana chitseko chikatsekedwa.

Ogwira ntchito ayenera kukhala angati?

Ili ndilo funso lalikulu kuposa onse, ndipo ndi limene eni nyumba amaliyankha mochenjera. Akakuuzani kuti "tili ndi antchito 15", mwina awerengera mlonda, ophika, wa m'dimba ndi woyendetsa galimoto. Inu funsani motere: lero usiku, 2 koloko, ndi anthu angati amene adzakhale maso kuti asamalire okalamba angati? Pemphani kuona pepala la kasinthidwe ka ntchito, lomwe amalitcha escala, ndipo muyerekeze maina ali pamenepo ndi nkhope zimene mukuziona.

Masamu ake ndi osavuta. Sabata ili ndi maola 168. Lamulo la ntchito la dziko lino limati nthawi yokhazikika yogwira ntchito isapyole maola 48 pa sabata. Choncho kuti pakhale wosamalira mmodzi yekha usana ndi usiku wonse, pafunika anthu atatu ndi theka, kunena kuti anayi, tisanawerengere tchuthi, maliro ndi matenda. Nyumba yofuna osamalira awiri nthawi zonse iyenera kulemba anthu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Ikakhala ndi anayi okha, ndiye kuti mwina usiku kumatsala munthu mmodzi, mwina anthu akugwira maola 24 osapuma. Wotopa chotere amagona, ndipo sitingamunene kwambiri.

Tsono werengani ntchito yake. Agogo osatha kudzuka amafuna kusambitsidwa ndi kuvekedwa, zomwe zimadya pafupifupi theka la ola. Kuwadyetsa bwino kumatenga mphindi 20 kapena 30, katatu pa tsiku. Kuwatembenuza ndi kuwasintha zofunda kumafunika maola awiri alionse, ndiye ka 12 pa tsiku, ndipo munthu wolemera amafuna anthu awiri kuti asamukoke pakhungu. Mukaphatikiza, munthu mmodzi wotere amadya maola atatu kapena kuposa a ntchito ya manja tsiku lililonse. Wosamalira mmodzi atapatsidwa anthu khumi ogona, ena ayenera kusiyidwa basi, ngakhale atakhala ndi mtima wabwino chotani. N'chifukwa chake nambala ya okhalamo payokha sithandiza. Nyumba ya anthu 20 oyenda okha ndi nyumba ya anthu 20 pomwe theka lake ndi ogona sizifuna manja ofanana.

Funsaninso kuti antchitowo akhalapo nthawi yaitali bwanji ndiponso ngati malipiro amabwera m'nthawi yake. Pamene antchito amasintha mwezi ndi mwezi, palibe amene amadziwa kuti agogo akuti amatsamwa akamwa madzi ofulumira, kapena kuti akangokhala chete ndiye kuti akumva ululu. Ndipo pamene malipiro achedwa miyezi, sopo, shuga ndi matewera zimayamba kutuluka pachipata.

Kodi pafunika namwino?

Ngati m'nyumbamo muli odwala shuga, BP, TB, omwa ma ARV kapena okhala ndi zilonda, payenera kukhala namwino wodziwika amene amayang'anira mankhwala, ngakhale asamagone pomwepo. Mankhwala a munthu aliyense akhale m'kabokosi kake kolembedwa dzina, ndi pepala losonyeza ola limene anamwa ndi amene anawapatsa. Zolakwika zofala ndi ziwiri: kupereka mankhwala a shuga kwa munthu amene wakana kudya, shuga n'kutsika mpaka kukomoka, ndi kulekeza mankhwala a BP masiku angapo chifukwa palibe anapita kukatenga ena.

Funsani kuti wodwala mwakayakaya usiku amapita naye kuti, pa chiyani, ndipo mafuta amalipira ndani. Mumzinda wa Tete chipatala chachikulu cha chigawo chili pafupi, koma ku Tsangano kapena ku Chifunde nyengo ya dzinja, yankho la funsoli ndi moyo wa munthu.

Agogo atuluka chilonda kumatako. Akuti n'chifukwa cha ukalamba. N'zoona?

Ayi. Ukalamba umafewetsa khungu, koma chilonda chimabwera chifukwa chogonera malo amodzi. Fupa likapanikiza mnofu pa matiresi, magazi safika, ndipo mnofu umayamba kufa m'maola ochepa chabe. Mkodzo, thukuta ndi kusadya mokwanira zimafulumizitsa. Malo amene chimakonda ndi m'munsi mwa msana pamwamba pa matako, m'mbali mwa chiuno, pa zidendene, pa akakolo, pa zigongono ndi kumbuyo kwa mutu.

Chimayamba ngati banga. Pakhungu loyera limaoneka lofiira, koma pa khungu lathu lakuda nthawi zambiri limangooneka lakuda kuposa pozungulira, lonyezimira, lotentha kapena lolimba mukakhudza. Pamenepa ndi pamene antchito ambiri amaphonya, chifukwa amadikira kufiira kumene sikuoneka. Likapezeka, munthu asagonerenso mbali imeneyo. Musatikite pamalopo, musapakepo mowa, phulusa kapena mankhwala a zitsamba. Likatseguka, litsukidwe ndi madzi a mchere a kuchipatala n'kuphimbidwa, ndipo namwino alione. Likayamba kununkha, kutuluka mafinya, kuda mkati, kapena agogo akatentha thupi, ulendo wa kuchipatala ndi wa tsiku lomwelo.

Kupewa kwake ndi kuja tanena: kutembenuza maola awiri alionse, kupendeketsa thupi pang'ono ndi mtsamiro kumsana m'malo moligoneka pa fupa la m'chiuno penipeni, mtsamiro wina pakati pa mawondo, wina pansi pa akatumba kuti zidendene zilendewere. Pepala la pulasitiki lisakhudze khungu. Pamwamba pake pakhale nsalu youma yosakwinyika, ngakhale chitenje. Nyumba yolongosoka imakhala ndi pepala pafupi ndi bedi losonyeza ola limene anawatembenuza. Mukapeza mizere yonse ya tsikulo yadzazidwa kale m'mawa ndi cholembera chimodzi, mwadziwa kale kuti pepalalo silikunena zoona.

Chilonda chimodzi chingachitike ngakhale pa malo abwino, makamaka munthu akadwalika kwambiri. Koma chilonda chakuya chimene banja silinauzidwepo ndi chizindikiro cha kunyalanyaza. Mukapita kukacheza, pemphani mwaulemu kuti muthandize kusambitsa agogo, wamkazi kwa agogo aakazi, wamwamuna kwa agogo aamuna, muone nokha khungu.

Nanga za madzi ndi chakudya?

Mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kwa mumzinda wa Tete ndi m'mbali mwa Zambezi kumapyola madigiri 40. Munthu wokalamba samva ludzu msanga, ndipo ena amakana dala kumwa poopa kudzikodzera. Pafunika pafupifupi lita imodzi ndi theka mpaka awiri pa tsiku, kupatula ngati dokotala waletsa chifukwa cha mtima kapena impso. Kuika botolo pambali pa bedi sikokwanira; wina ayenera kuwapatsa m'manja, kapu ndi kapu. Thobwa, phala lamadzi ndi tiyi zimawerengedwa. Mkodzo wochepa, wachikasu kwambiri, lilime louma ndi kugona mopitirira ndi zizindikiro zoti madzi atha m'thupi. Madzi akhale owiritsa kapena othira mankhwala oyeretsa madzi a Certeza, chifukwa kutsegula m'mimba kumene mnyamata amakupirira, nkhalamba kumaigwetsa tsiku limodzi. Ku Angónia vuto limatembenuka mu Juni ndi Julayi: kumeneko funsani za mabulangete.

Nsima yolimba ndi usipa wouma sizithandiza munthu wopanda mano. Pafunika nsima yofewa, nyemba zotibula, mazira, ndiwo zotendera, phala la nsinjiro. Wofa ziwalo adye atakhala tsonga, pang'onopang'ono, ndipo asagonekedwe mpaka patapita theka la ola. Kudyetsa munthu ali chigonere kumalowetsa chakudya m'mapapo, ndipo patatha masiku awiri mumamva kuti ali ndi chibayo. Sikelo ikhalepo, aziyezedwa mwezi uliwonse. Munthu wa makilogalamu 50 akatsika ndi awiri ndi theka m'mwezi umodzi, pali chimene chalakwika.

Tawapeza atamangidwa pa mpando ndi chitenje, ena amangogona tsiku lonse. Akuti amavuta. Kodi n'zololedwa?

Kumanga munthu kapena kumutsekera m'chipinda kuti ntchito ipepuke ndi nkhanza. Sikuteteza ngakhale kugwa: womangidwa amalimbana ndi chomangiracho, amagwa ndi mpando womwewo, miyendo imafooka, ndipo ena amapotoledwa pakhosi. Mankhwala ogonetsa monga diazepam operekedwa popanda dokotala ndi chingwe chomwecho, chosaoneka chabe. Funsani dzina la mankhwala, amene analemba ndi chifukwa chake.

Musanavomere kuti agogo "apenga", siyanitsani zinthu ziwiri. Matenda oiwalaiwala a muubongo amabwera pang'onopang'ono, kwa miyezi ndi zaka. Koma munthu amene dzana amacheza bwinobwino, lero sakukuzindikirani, nthawi zambiri ali ndi matenda ochizika: malungo, matenda a m'njira ya mkodzo, chibayo, kutha madzi m'thupi, shuga wotsika, ngakhale kudzimbidwa masiku ambiri. Ameneyo akufunika kuyezedwa lero.

Malamulo a dziko lino amati chiyani za okalamba?

Malamulo aakulu a dziko, m'ndime 124, amati okalamba ali ndi ufulu wotetezedwa mwapadera ndi banja, anthu onse ndi boma, ndipo ndime 95 imanena za ufulu wothandizidwa munthu akakalamba kapena akalephera kudzigwirira ntchito. Ndiye pali lamulo nambala 3/2014 la pa 5 Febuluwale 2014, lokweza ndi kuteteza ufulu wa okalamba. Limawerengera munthu wa zaka 60 kupita m'tsogolo, limamupatsa ufulu wothandizidwa moyambirira m'malo othandizira anthu, ndipo limaika chilango pa kuzunza ndi kutaya wokalamba.

Mfundo yofunika kuigwira ndi yakuti munthu sasiya ufulu wake pachipata. Agogo a mu lar akadali nzika: angalandire alendo, kupemphera ku mpingo wawo kapena kukana mapemphero a eni nyumba, kuvota, kusunga foni ndi ndalama zawo, kuuzidwa matenda awo m'chinenero chimene amamva, ndi kudandaula popanda kulangidwa ndi njala kapena kunyozedwa. Kuwasambitsa pabwalo anthu akuona, kapena kuwajambula n'kuika pa Facebook popempha thandizo iwo osavomera, ndi kuwachotsera ulemu.

Agogo akukana kupita. Ife ana tagwirizana. Tingawatenge basi?

Ngati mutu wawo ukugwira, ayi. Msonkhano wa banja, ngakhale atakhalapo amalume ndi mwini mbumba, sungalande munthu wamkulu mphamvu yosankha pokhala. Ndi khoti lokha, litaona umboni wa madokotala, limene lingagamule kuti munthu sangathenso kudziyendetsera zinthu, n'kusankha womuimira. Kukalamba, kusaona kapena kusadziwa kulemba si zifukwa zokwanira. Chimodzimodzi, amene analowa mwakufuna kwake angathenso kutuluka.

Mverani chifukwa chimene akukanira. Ambiri amaopa kufera kutali ndi manda a makolo awo, kapena kuti nyumba yawo igulitsidwa. Nthawi zina ndalama zimene mukanalipira ku lar zingakwane kulipira munthu wowasamalira pakhomo pomwepo.

Penshoni, ndalama za INAS, nyumba ndi munda zimakhala za yani?

Za agogo. Penshoni ya INSS, bungwe la penshoni ya ogwira ntchito, kapena ya boma ndi yawo, ndipo ngati gawo lina likulipira nyumbayo, zilembedwe ndipo pakhale risiti mwezi uliwonse. Ngati amalandira thandizo la ndalama la INAS lotchedwa Subsídio Social Básico, dziwitsani permanente, munthu woimira INAS m'dera lanu, kuti asamuka, mufunse mmene zikhalire. Musaiwale nthawi ya prova de vida, yokaonetsa kuti munthu akadali moyo, chifukwa penshoni imaimitsidwa munthu akapanda kuonekera.

BI, khadi la kubanki ndi nambala yachinsinsi ya M-Pesa kapena e-Mola zisaperekedwe kwa wantchito wa m'nyumbamo. Wachibale wowatengera ndalama akhale ndi procuração, kalata yomupatsa mphamvu yowaimira, yolembedwa kwa notário, wotsimikizira zikalata mwalamulo, yonena ntchito yeniyeni imene wapatsidwa, osati "zonse". Agogo angaichotse nthawi iliyonse. Chinyengo chofala ndi kudindisa chala pa pepala limene sanawawerengere, ndiye pasakhale kudinda popanda mboni imene iwo aisankha.

Malo m'Mozambique ndi a boma ndipo sagulitsidwa, koma lamulo la malo nambala 19/97 limazindikira ufulu wa munthu amene wakhala akulima malo mwa mwambo, ngakhale alibe pepala, ndipo umboni wa anthu a m'mudzi umamveka. Agogo asanachoke, itanani nyakwawa ndi anansi a m'malire, anene pamaso pawo amene akumubwereka munda ndi dimba. Mawu akuti "ndabwereka" alembedwe. Milandu yambiri imabadwa chifukwa wobwerekayo pakatha zaka zitatu amati anapatsidwa. Nyumbanso singagulitsidwe mwini wake ali moyo popanda iye kuvomera.

Tikawapereka kumeneko, udindo wathu watha?

Sunathe. Lamulo la banja nambala 22/2019 limaika pa ana udindo wothandiza makolo osowa pa chakudya, pokhala, zovala ndi chithandizo cha mankhwala, malinga ndi mmene aliyense angathere, ndipo kholo lingapite ku khoti kukaupempha. Kupatula za malamulo, antchito amadziwa bwino agogo amene abale awo amatulukira mosayembekezeka ndi amene palibe amawafunsa. Gawanani masiku, ndipo amene ali kutali aziimba foni n'kulankhula ndi agogo eni ake, osati ndi mkulu wa nyumba yekha.

Ena anafika kumeneko atathamangitsidwa kuti ndi mfiti. Angabwerere kwawo?

Angabwerere, ndipo nyumba ndi munda zikadali zawo. Kumenya, kuotchera nyumba, kuthamangitsa kapena kulanda katundu wa nkhalamba pa dzina la ufiti ndi milandu ya kupolisi, ngakhale sing'anga atanena zotani. Kawirikawiri amene amanenedwa ndi amayi amasiye ndi anthu a matenda oiwalaiwala, amene amapezeka usiku pakhomo pa eni atasochera, mwina osavala. Kubwerera kukonzedwe pamodzi ndi a Acção Social, mfumu ndi apolisi, ndipo pakhale wina woyang'anira masabata oyambirira. Kungowatsitsa pa chapa n'kubwerera ndi kuwaika pa ngozi.

Tikaona nkhanza kapena kunyalanyaza, tipite kuti?

Yambani mwalemba: tsiku, ola, zimene mwaona, amene analipo. Agogo akavomera, jambulani chilonda kapena zipsera. Lankhulani nawo panokha, wantchito asali pafupi, chifukwa ambiri amati "ndili bwino mwanangu" poopa zimene zichitike inu mukachoka.

Pa zinthu monga chakudya chochepa, uve kapena kuchepa kwa antchito, perekani dandaulo lolemba kwa mkulu wa nyumbayo, musunge kope lake losainidwa, ndipo mugwirizane tsiku loti zikhale zitakonzedwa. Zikapanda kusintha, pitani ku Acção Social ku SDSMAS kapena ku ofesi ya INAS. Koma pakakhala kumenyedwa, kugwiriridwa, kumangidwa, kubedwa ndalama kapena imfa yokayikitsa, musadikire mkulu wa nyumba. Pitani nawo kuchipatala kuti mabala alembedwe akadali atsopano, kenako kupolisi, ku ofesi yawo yothandiza ochitiridwa nkhanza, Gabinete de Atendimento à Família e Menores Vítimas de Violência, kapena ku Procuradoria, ofesi ya oimira boma pa milandu, ya m'boma limene mumakhala. Milandu yotere si ya bwalo la mfumu kapena khoti la m'mudzi, ndipo musalole kuti ithe ndi nkhuku yopepesera. Ngati mulibe ndalama za loya, IPAJ, ofesi ya boma yopereka thandizo pa milandu, imathandiza osauka mwaulere. Tengani atestado de pobreza, kalata yotsimikiza kuti ndinu osauka, yochokera ku bairro kapena ku localidade. Ofesi ya boma ikakhala kuti ndiyo ikukhalira nkhani yanu, mungalembere Provedor de Justiça, mkulu wolandira madandaulo a anthu pa maofesi a boma.

Ngati mukuona kuti agogo ali pa ngozi usiku womwewo, atulutseni kaye, madandaulo abwere pambuyo. Ngongole ya mwezi si chifukwa chotsekera munthu kapena kugwira BI yake. Potuluka tengani mankhwala onse, khadi la kuchipatala, ndi pepala losonyeza ola limene anamwa mankhwala komaliza, kuti amene awalandire asawapatse kawiri.